Paintball yafika m'mafoni, koma diso silimera kawiri

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mwana wamwamuna sasowa mfuti. Akalephera kuipeza kusitolo amasema yekha. Pa Thekerani, m'dera la mfumu yaikulu Nsabwe ku Thyolo, monganso pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Goliati, anyamata akatuluka m'nyumba yoonetsera kanema amagawana magulu awiri. Wina wanyamula phesi la chimanga, wina kansungwi koboola, wina legeni ili lende m'khosi, onse ulendo wa kutchire kuseri kwa msika kukabisalirana. Mfuti zake zimalirira pakamwa. Ndipo mkangano wake ndi womwe uja tinausiya ife: "Ndakuwombera, wafa iwe!" Winayo nkuti, "Bodza, sunandilase!" Masewero amathera pomwepo, nthawi zina ndi zibakera.

Kunja kuli masewero omwe anathetsa mkangano umenewu. Dzina lake ndi paintball. Osewera amawomberana ndi timipira todzaza ndi penti, ndipo kampira kakakuphulikira pamalaya palibenso chokana, umboni uli pathupi pako. Si masewero omwe mungawapeze pabwalo la sukulu ku Thekerani, koma ana athu akuwaona pa YouTube, TikTok ndi Facebook, atatu kapena anayi ataunjikana pa foni imodzi. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje akugwira ntchito, masewerowa ndi odziwika kwambiri ndipo zida zake zimagulitsidwa m'masitolo. Katundu wa ku Joni sachedwa kufika kumudzi. Nchifukwa chake taganiza kuti makolo awadziwe masewerowa panopa, mwana asanabwere nayo mfutiyo pakhomo. Paja safunsa anadya phula.

Chiyambi chake nchoseketsa. Mfuti za pentizi sanazipangire masewero ayi. Kampani ina ya penti ku America, ya Nelson, inkagulitsa zida zimenezi kwa ogwira ntchito m'nkhalango kuti aziika chizindikiro pamitengo yofunika kudula ali chapatali, komanso kwa oweta ng'ombe kuti azizindikira ng'ombe zawo. Ndiye panali anthu awiri ogwirizana, Hayes Noel yemwe ankachita malonda mumzinda wa New York, ndi Charles Gaines, mlembi wa mabuku wokonda kutchire. Awiriwa ankakangana kuti kodi munthu wa m'tauni, wochenjera pa ndalama, angapose munthu wa kumudzi onse atawasiya m'nkhalango? Pamodzi ndi mnzawo Bob Gurnsey anakonza zoti ayese. Mu June 1981 amuna 12 analowa m'nkhalango ya ku Henniker, m'chigawo cha New Hampshire, aliyense ndi mfuti yake ya penti, aliyense payekha, kukatola mbendera zomwe anaziika m'malo osiyanasiyana. Anapambana ndi Ritchie White, katswiri wa zankhalango, ndipo anatola mbenderazo osawombera ngakhale kamodzi. Owerenga athu a kumapiri a Thekerani akhoza kumwetulira pamenepa, wakumudzi ndiye anawina.

Zosewera m'matimu zinabwera pambuyo pake, ndipo ndi zomwe zinakuza masewerowa.

Kampira kake nkakang'ono, mamilimita 17, kukula ngati chipatso cha masau, kolemera pafupifupi magalamu 3. Khungu lake ndi lofanana ndi la makapisozi a kuchipatala. Zam'kati mwake, ngakhale timati penti, si penti wopaka nyumba. Ndi madzi olimbirapo osakaniza ndi utoto wonga wothira m'zakudya, ndipo amachoka ndi madzi ndi sopo. Mfutiyo ilibe wonga. Imakankha kampirako ndi mpweya wopopera m'kabotolo kachitsulo komangirira kumbuyo kwake, ndipo pamwamba pamakhala kachikho kolowa timipira pafupifupi 200.

Kaseweredwe kake kali pawiri. Ena amasewera m'nkhalango, kubisala kuseri kwa mitengo ndi zulu, timu iliyonse ili ndi mbendera yake kumalo kwake. Cholinga nkukatenga mbendera ya anzanu ndi kubwera nayo kwanu osakulasani. Ena amasewera pabwalo losalala, laling'ono kuposa theka la bwalo la mpira wamiyendo, lotchingidwa ndi ukonde, momwe amaikamo zibaluni zikuluzikulu zobisalapo. M'mipikisano ikuluikulu, monga ya bungwe la NXL lomwe limachititsa chikho chake chachikulu ku Kissimmee m'chigawo cha Florida, timu imakhala ya anthu asanu mbali iliyonse ndipo chigawo chimodzi chimatha m'mphindi zochepa chabe.

Munthu woonera pa foni amangoona kuwomberana. Koma amene wayang'anitsitsa aona kuti timu yomwe aliyense akuwombera mwa iye yekha siichedwa kutha. Pa anthu asanu aja, akutsogolo amakhala opepuka thupi, othamanga, omwe amadziponya pansi nkukwawa kuti akafike pafupi ndi adani awo. Koma wakutsogoloyo, popeza wagona kuseri kwa chibaluni, saona chilichonse. Maso ake ndi mnzake wakumbuyo, yemwe waima poonekera bwalo lonse ndipo amakuwa kuti uje ali apo, uje watuluka, atsala awiri. Wapakati amalandira mawuwo nkuwapititsa kutsogolo, ndipo wakutsogolo akalasidwa iye ndiye amalowa m'malo mwake. Wina akafuna kusuntha, mnzake amawombera mosalekeza mbali yomwe kuli mdani kuti mdaniyo asadzutse mutu. Wothamangayo amakhala wapereka msana wake m'manja mwa mnzake. Wakumbuyo akangokhala chete kwa kanthawi, kapena akafuna kutchuka yekha nkusiya malo ake, anzake onse agwa.

Zimenezi si zachilendo kwa aliyense yemwe anaonapo gulu likukweza denga la nkhokwe, kapena amayi akulandizana zidebe pozimitsa moto. Wina amaona, wina amanyamula, wina amaitanira.

Chomwe chatikopa kwambiri ife ndi lamulo la kudzitulutsa wekha. Kampira kakakuphulikira, ngakhale pansapato kapena pamfuti yako, umayenera kukweza dzanja nkutuluka m'bwalo, woyimbira akuone asakuone. Alipo ochenjera omwe amafufuta pentiyo paudzu kuti apitirize kusewera. Akagwidwa, m'mipikisano samutulutsa yekha. Woyimbira amatulutsanso mnzake mmodzi kapena angapo omwe sanalakwe kanthu. Bodza la munthu mmodzi limalipiridwa ndi timu yonse. Tikaganiza za mpira wathu wa m'madera, momwe timu ya sukulu imabwera ndi mnyamata wandevu nkumati ali Sitandade 7, momwe woyimbira amathawira m'munda wa chimanga masapota akumuthamangitsa ndi miyala, momwe timu yogonja imati anzawo anakwirira mankhwala pagolo, tikuona kuti pali choti tiphunzirepo. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tikudziwa kuti makolo ena, makamaka achikulire, sangamve bwino kuona mwana akuloza mnzake ndi chinthu chooneka ngati mfuti, ndipo sitikuwaseka. Thekerani ali pafupi ndi mtsinje wa Ruo, malire athu ndi Mozambique. Nkhondo ya kutsidyako inatha mu 1992 itathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni, ndipo alipo ambiri m'madera a m'malire omwe anamva kulira kwa mfuti zenizeni usiku, nalandira pakhomo pawo anthu othawa opanda ngakhale chofunda. Kwa munthu wotere mfuti si choseweretsa. Nkhawa yomweyi inabukapo ku Germany mu 2009, mnyamata wa zaka 17 atapha anthu 15 pa chiwembu chomwe chinayambira pasukulu ya ku Winnenden. Andale anafuna kuletseratu paintball ponena kuti imaphunzitsa kupha. Atakambirana, ganizolo analisiya, koma m'dzikolo masewerowa ndi a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Maganizo athu ndi akuti masewero okhala ndi woyimbira, malire, nthawi yoyambira ndi yomalizira, komanso kugwirana chanza pamapeto, sangasandutse mwana chigawenga. Nkhonya nazo ndi kumenyana, koma palibe amene amati osewera nkhonya onse ndi zigawenga. Choopsa chenicheni chili pena, ndipo ndicho chatichititsa kulemba ndemanga ino.

Kampira ka penti kamatuluka mumpope pa liwiro lofika mamita 90 pa sekondi imodzi. Kumeneko nkuthamanga makilomita oposa 300 pa ola, kuposa katatu minibasi yomwe okwera ayamba kale kukuwa kuti adalaivala chepetsani moto. Ndipo limeneli ndi liwiro lomwe malamulo amalola. Pabwalo lovomerezeka mfuti iliyonse amayamba aipima ndi makina kuti isapitirire pamenepo. Kakakumenya pantchafu kapena pamsana kamawawa ngati chikwapu nkusiya chotupa cha masiku angapo, basi. Koma diso ndi nkhani ina. Mpira wamiyendo ukakumenya kumaso, mafupa ozungulira diso amautchinga chifukwa ndi waukulu. Kampira ka penti nkochepa moti kamadutsa pakati pa mafupawo nkukamenya diso lenilenilo ndi mphamvu zake zonse. Magazi amadzaza m'kati, kagalasi ka m'diso kamasuntha, nthawi zina diso limaphulika. Madokotala a maso m'maiko momwe masewerowa ndi ofala akhala akunena kuti ambiri ovulala chotere ndi omwe sanavale chophimba kumaso, kapena anachivula pakati pa masewero, ndipo kawirikawiri amakhala achinyamata osewera kuseri kwa nyumba popanda wamkulu wowayang'anira.

Nchifukwa chake lamulo loyamba la paintball si la kuwombera. Ndi la chophimba kumaso, chopangidwira masewero omwewa, chotchinga maso, makutu ndi pakamwa. Magalasi adzuwa, magalasi a owotcherera zitsulo kapena chipewa cha njinga yamoto chokhala ndi galasi losweka sizilowa m'malo mwake. Munthu savula chophimbacho ali m'bwalo ngakhale chitachita nkhungu ndi thukuta, ngakhale atalasidwa kale. Akatuluka, mpope wa mfuti amauveka kathumba kotsekera kuti ikalira mwangozi isalase munthu. Pabwalo labwino wovula chophimba amamuthamangitsa tsiku lomwelo.

Tsono taganizani mmene zinthu zimafikira kwathu kuno. Malume a ku Joni abwera pa Khirisimasi ndi mfuti imodzi yogula kwa mnzawo, chophimba kumaso chimodzi kapena osabwera nacho nkomwe, ndi kathumba ka timipira kotha tsiku lomwelo. Timipira tikatha ana sangaisiye mfutiyo pansi. Ayesa masau, ayesa nsangalabwi, ayesa mabulo. Dziwaninso kuti ku South Africa mfuti zomwezi ena amazigula ngati chida chodzitetezera pakhomo, ndipo amaikamo timipira tolimba tosaphulika kapena todzaza ndi tsabola. Chida chotere chikafika m'manja mwa mwana wa zaka 10 si masewerenso. Ndipo ngakhale pomwe mfuti ya penti sinafike, legeni ilipo. Mwana woonera paintball pa foni madzulo, mawa lake akufuna kuyeserera, ndipo chomwe ali nacho m'thumba ndi mphira ndi miyala. Kale legeni inali ya mbalame ndi anyani m'munda. Ikayamba kuloza nkhope ya mnzake, kholo lisadikire kuti lione magazi.

Ngozi ikagwa pa Thekerani, ulendo wake ndi wautali. Kuchoka pachipatala cha pomwepo, kudutsa msewu wokhotakhota wa m'mapiri mpaka pa boma la Thyolo, kenako ku Blantyre komwe kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queens. Ndalama ya thiransipoti, ya chakudya cha womudikirira, masiku a ntchito otayika kumunda kapena kuesiteti, zonsezo pa banja lomwe limadikira malipiro a pa fotinaiti. Ndipo akafika kumeneko si nthawi zonse dokotala angalibweze disolo. Tipemphe pano kuti mwana akalasidwa m'diso ndi chilichonse, musalitikite, musalifinye, musadonthezeremo mkaka wa m'mawere, shuga, madzi a masamba kapena mankhwala otsala a munthu wina. Phimbani ndi kanthu koyera kolimba, monga tako la kapu yapulasitiki, kosakhudza disolo, nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mwanayo akunena kuti akuona bwinobwino. Magazi a m'kati mwa diso ena amadzaonekera pambuyo.

Nanga tiwayambitse masewerowa m'madera mwathu? Wamalonda yemwe ali ndi mpamba, malo otchingidwa bwino, zophimba kumaso zokwanira aliyense ndi woyimbira wodziwa ntchito, ife sitikumuletsa. Ayambe wakaonana ndi apolisi ndi khonsolo asanaitanitse zida zooneka ngati mfuti, ndipo asalole mwana wamng'ono kapena munthu woledzera kulowa m'bwalo. Thyolo amalandira alendo odzaona minda ya tiyi, monga ku Satemwa komwe esiteti inayamba mu 1923, ndipo alendo otere akhoza kulipira.

Koma tisanamizane kuti awa angakhale masewero a mwana wa mlimi. Chilichonse, kuyambira mfuti, mabotolo a mpweya mpaka timipira, nchochokera kunja ndipo chimafuna ndalama zakunja, zomwe dziko lino lakhala likuzisowa ngakhale pogula mafuta ndi feteleza. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo katundu yense wakunja anakwera nayo. Katoni ya timipira imakhala ndi 2,000, zomwe zimamveka zambiri, koma anyamata khumi otentha magazi akhoza kuimaliza dzuwa lisanapendeke. Kampira kakaphulika kapita, sungakatolenso. Ngakhale tosagwiritsa ntchito sitikhalitsa, chifukwa khungu lake limamwa chinyezi nkufufuma, ndipo chinyezi cha chiperoni cha ku Thyolo tonse tikuchidziwa. Agalu akadya timipira tambiri amadwala, ena kufa kumene. Ku Thekerani, komwe nthochi zomwe zinkadzaza malole opita ku Limbe zinatha ndi matenda a chisaka, kholo lomwe likuvutika kupeza yunifolomu silingawotche ndalama pa penti wowaza m'tchire.

Chosangalatsa nchakuti zambiri zomwe zimakoma mu paintball tili nazo kale, kungoti tinazipatsa dzina lonyozeka loti masewero a ana. Taonani fulaye. Awiri aima uku ndi uku ndi mpira wamajumbo, wina ali pakati akuzinda mpirawo kwinaku akudzaza mchenga m'botolo. Ukakukhudza watuluka, ndipo anzako omwe anatuluka kale akudalira iwe kuti udzaze botololo. Kodi pamenepa pasiyana chiyani ndi kukatenga mbendera anzako akukuwombera? Pali kuzinda, pali kulasa, pali kuwerenga maso a mdani, pali kupulumutsa timu. Atsikana athu akhala akusewera zimenezi opanda kulipira tambala, ndipo sitinamvepo kuti mpira wa fulaye waphulitsa diso la munthu. Agogo athu anali ndi nsikwa, magulu awiri atakhala moyang'anana, aliyense akupota nsikwa yake kuti igwetse zitsononkho za anzawo. Lero mwana wa Fomu 2 mutamufunsa nsikwa akhoza kuyesa ndi dzina la mbalame.

Ndipo masewero otchipawa ndiwo atitengera kutali. Timu ya ntchemberembaye ya Queens inakhala pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007 ku Auckland. Mwawi Kumwenda, yemwe anayamba ndi mpira wamapepala kumudzi kwawo ku Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse cha 2015 ku Sydney. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, zomwe palibe anali atazichitapo m'chaka chimodzi. Onsewa anayambira pabwalo lafumbi.

Bwalo lafumbilo ndilo likusowa ku Thyolo. Boma limeneli ndi lothithikana, malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi ndi makademiya, ndipo otsalawo ndi otsetsereka moti mpira ukatuluka kunja umakaupeza kudambo. Pomwe panali bwalo la mudzi pena palimidwa chinangwa, pena pamangidwa maokala. Mwana wopanda posewerera ndiye amakathera tsiku m'nyumba ya kanema, m'mabawo a juga kapena m'tchire ndi legeni. Apa mafumu, makhansala ndi aphungu ali ndi ntchito yomwe siifuna ndalama zakunja. Mabwalo a sukulu atetezedwe, asagawidwe ngati mapuloti, ndipo azitsegulidwa kwa ana a m'mudzi pa tchuthi. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF likhoza kusalaza bwalo ndi kuimika mapolo, m'malo modikira zikho za andale zomwe zimabwera chaka cha chisankho nkuzimirira mavoti akawerengedwa. Makampani a tiyi, omwe ali ndi mathirakitala ndi malo, angathe kuthandiza midzi yowazungulira, poti ana osewera pamenepo ndi a anthu omwe amathyola tiyi wawo.

Aphunzitsi a zamasewero nawo akhoza kubwereka ku paintball zomwe zili zaulere. Gawani ana m'matimu a anthu asanu, anyamata ndi atsikana pamodzi. Ikani mbendera ya chitenje uku ndi uku, matumba a mchenga kapena matayala akutha pakati kuti akhale pobisalira, mipira yofewa yansanza yoviika m'phulusa kapena m'fumbi la choko kuti izisiya chizindikiro pamalaya. Kulasa kumutu kukhale koletsedwa. Wolasidwa akweze dzanja yekha, ndipo wokana atulutse ndi mnzake. Mudzaona mwana yemwe m'kalasi satsegula pakamwa akukuwa kulondolera anzake, ndi uja wodzimva kuti ndi dolo akuphunzira kuti popanda womutchinga kumbuyo safika pa mbendera.

Kwa inu makolo, mwana akakuonetsani kanema wa paintball pa foni musamulande foniyo. Khalani naye pansi, mumufunse kuti awerenge anthu omwe ali m'bwalomo opanda chophimba kumaso. Sapeza ndi mmodzi yemwe, ngakhale woyimbira. Ndipo mlamu wanu wa ku Joni akaimba foni kufunsa choti amutengere mphwake pobwera, ngati watchula mfuti ya penti mufunseni kuti zophimba kumaso abwera nazo zingati. Akayamba kuchita chibwibwi, muuzeni agule mpira wachikopa, asaiwale pampu ndi singano yake.